Khutu Lamanzere la Zelesi

Ndinachoka kwathu masana ndili mu yunifolomu, ndipo zaka zonse zimene ndinayenda dzuwa silinasunthe. Linangokhala pamene limakhala ana akamaweruka kusukulu, litapendekeka pang'ono, mthunzi wanga utafupika ngati wa mwana. Kaya ndinayamba ndagona kenako n'kunyamuka, kaya ndinanyamuka ndili m'tulo, musandifunse. Ine si munthu woyankha msanga. Ngakhale m'kalasi yankho ndinkalidziwa, koma mkono unkalemera.

Chimene ndikudziwa n'chakuti ndili ndi mng'ono wanga, Zelesi, ndipo khutu lake lamanzere silimva. Ndinaligonthetsa ndine.

Tinali ndi masewera athu amene iye anawatcha kamvuluvulu. Mumagwirana manja mopingasa, mapazi moyandikana, n'kutsamira chagada, n'kumazungulira mpaka nyumba, nkhokwe ndi mtengo wa mango zisanduke mzere umodzi. Lamulo lake n'limodzi basi: osasiya mnzako.

Tsiku limenelo ndinali nditangofika kuchokera kusukulu, ndili Fomu 3.

"Achemwali, kamodzi kokha," anatero Zelesi.

"Ndakula ine."

"Mwakula chiyani? Dzulo lomweli mumathawa bilimankhwe mukukuwa."

Tinagwirana. Tili mkati mozungulira ndinamva belu la njinga kumsewu. Kuzungulira koyamba ndinaona chipewa. Kwachiwiri ndinazindikira kuti ndi a Kaphaizi, aphunzitsi athu a sayansi, amene ankati ndine mtsikana wodekha. Kwachitatu ndinaona atatembenuza mutu. Manyazi anandithira ngati madzi otentha: namwali wamkulu, wa kusekondale, siketi ili m'mwamba. Zala zanga zinatseguka.

Zelesi sanagwe pomwepo ayi. Anapita mowongoka ngati mwala wochoka pa legeni, mpaka mutu unakagunda mtondo. Njinga inapitirira.

Amayi anatuluka akuthamanga, manja ali ufa okhaokha. "Chachitika n'chiyani?"

"Wasiya yekha," ndinatero.

Mawu awiri okha. Kuchipatala anati khutulo latha. Kunyumba amayi anam'patsa dzina, manja a therere. Kuyambira pamenepo Zelesi sankaloledwa kusenza mtsuko, kunyamula mazira, kapena kubereka mwana wa aneba. "Siya, manja a thererewo, ungagwetse." Iye ankangosiya.

Sabata yomweyo a Kaphaizi anatseka buku n'kunena kuti atiuza zinthu zimene sizibwera pa mayeso. Anati kutali kwambiri kuli nyenyezi zakufa, zolemera moti ngakhale kuwala sikuthawako. Ziwiri zotere zikayandikana zimazungulirana, liwiro likukwera, mpaka zitaphatikana. Anati danga limene timaliyesa lopanda kanthu limapindika ngati mphasa yoikapo mwala, ndipo nyenyezizo zikamazungulirana zimatumiza funde m'dangamo. Fundelo likamadutsa limatambasula zinthu n'kuzifinya.

"Koma tamverani ichi," anatero. "Akatswiri amati funde likatha, zinthu zimene zinkayandama momasuka sizibwerera ndendende pamene zinali. Danga limakumbukira."

Anatinso kuzungulira kuli ndi muyeso wake, ndipo sikutayika. Kungoti pofuna kukuyeza uyenera kusankha pakati poyezera.

Anzanga ankayasamula. Ine ndinatsegula kumapeto kwa kope langa n'kujambula timadontho tiwiri, ine ndi Zelesi. Ndinkafuna nambala. Nambala yoti ndikaiona ndinene kuti pa kuzungulira konse kuja, gawo langa linali lochepa.

Nditalemba mayeso omaliza ndinam'peza Zelesi pakhonde akutonola chimanga. Ndinakhala kumanzere kwake, ndinayandikiza pakamwa pa khutu lakufalo, n'kunong'ona kuti, "Ndinasiya ndine." Iye anapitiriza kutonola. Ndinadziuza kuti ndanena. Kenako ndinatenga kope lija n'kulowa mumsewu.

Mudzi woyamba unali wa oumba mbiya. Ndinakhala kwa a Nagama, mayi wamfupi wa mawu ngati lipenga, amene sanandifunse dzina. Ankangoti "a sukulu". Anandiphunzitsa kukumba dongo kumtapo, kulisinja, kuchotsa timiyala, kupala ndi chitsononkho. Timiphika ting'onoting'ono ankatitembenuza pa phale. Koma mtsuko waukulu unkakhala pansi phee, iwo n'kumauzungulira chobwerera m'mbuyo, atawerama, dzanja limodzi mkati, lina kunja.

Tsiku lina ndinalimba mtima, kope lili m'manja. "Mayi, ukauona uli mumtsukomo, zimaoneka ngati ukuzungulira ndi mudzi wonse. Ndiye tingadziwe bwanji amene akuzunguliradi?"

"A sukulu inu, ndalama za makolo anu zinapita ndi mphepo eti? Akumva chizungulire ndani, ine kapena mtsuko?"

"Inuyo."

"Basitu. Amene akumva chizungulire ndiye akuzungulira. Gwirani dongolo, lingaume."

Sindinalembe zimenezo. Chizungulire changa chinali chisanathe kuyambira tsiku lija.

Nditaphunzira mokwanira anandipatsa mtsuko wanga woyamba. Ndinauzungulira masana onse, ndipo unakwera bwino, khosi lake ngati la nkhanga. Ndili pafupi kumaliza ndinamva belu la njinga kumsewu. Ndinadzidzimuka, bondo langa n'kugunda m'mimba mwa mtsukowo. Unabonyoka pang'ono. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndinaukankha kuchokera mkati, n'kusalaza ndi mwala mpaka osaoneka kanthu. A Nagama anauyang'ana n'kunena kuti, "Mwayesetsa."

Utauma tinauwotcha pamodzi ndi ina, ndi makungwa ndi udzu. Moto utazima, mbiya zonse zinatuluka zamphumphu. Wanga unali ndi mng'alu pamalo pomwe paja, wautali ngati chala.

"Munaugunda," anatero a Nagama.

"Ndinausalaza."

"Munasalaza khungu. Dongo limakumbukira, mwanawe. Mukanandiuza ukadali wauwisi tikanauphwanya n'kuumbanso, palibe akanadziwa. Pano ndi phale, nkhuku zizimweramo."

Sanandithamangitse. Ndinachoka ndekha.

Misewu ya m'zaka zimenezo inali ndi khalidwe limodzi: uliwonse umene ndinkatsata unkadzera pakhomo pathu. Ndinam'peza Zelesi pakhonde pomwe paja, atatalika, tsitsi ataluka, akusenda mtedza. Ine yunifolomu yomwe ija, yosatha, yosada. Kuseri kunamveka mawu a amayi: "Zelesi, mbale zadothizo usakhudze!" Ndinakhala kumanzere kwake. "Ndinasiya ndine," ndinanong'ona. Anandipatsa mtedza wodzaza dzanja osandiyang'ana, ine n'kupitirira.

Kenako ndinafika m'tauni ya njinga. Kunalibe galimoto ngakhale imodzi, makabaza okhaokha, ndipo pansi pa mtengo wa pamsika panali a Matiki, okonza njinga, bambo woonda wa zala zakuda ndi girisi. Anyamata a kabaza atandiona anayamba kuseka.

"A Matiki, mwalemba ntchito a Fomu Folo? Azitiwerengera masipoko m'Chingerezi?"

"Inu ngakhale m'Chichewa simutha kuwerenga. Chotsani chiphakasa chanucho apa."

Anandiphunzitsa kuwongola wilo. Umatembenuza njinga chagada, umazunguza wilo, n'kuika choko pafupi ndi limu, chitsulo chozungulira chokhalapo tayala. Pamene limu yapindika, choko chimalemba. Ukatero umamanga sipoko ya mbali iyi, n'kumasula ya mbali inayo, pang'onopang'ono. Ankati limu imene inagundapo mwala imawongoka yoti n'kukwera, koma dzanja lodziwa limapamva pamene inagunda.

Tsiku lina ndinawafunsa kuti wilo ikaima, kuzungulira kwake kumapita kuti. Anandiimika pa chitsulo chathyathyathya chimene anachiika pa habu yakale, chitsulo cha pakati pa wilo, choti chimatembenuka mosavuta. Anandigwiritsa wilo mogoneka, anaizunguza mwamphamvu, n'kunena kuti, "Iimitseni ndi chifuwa." Nditakanikiza tayala pachifuwa wilo inaima, koma ine ndinayamba kutembenuka ndekha pang'onopang'ono, msika wonse ukudutsa pamaso panga. A kabaza anawomba m'manja.

"Mwaona? Kwalowa mwa inu. Kuzungulira sikufa, kumangosamuka nyumba."

Masana amenewo ndinakhala pa benchi ndi kope langa. Ndinakumbukira mawu a a Kaphaizi akuti uyenera kusankha pakati. Ndinaika pakatipo pa manja athu ogwirana, n'kupeza nambala. Ndinasunthira pakatipo kufupi ndi ine, gawo langa linachepa. Ndinasunthanso. Potsiriza ndinaika pakati pa ine mwini, ndipo gawo langa linasanduka ziro. Kuzungulira konse kunali kwa Zelesi. Ndinathamanga kukawaonetsa a Matiki, koyamba m'moyo wanga kuonetsa munthu kope asanandipemphe.

Anapukuta manja, anayang'ana timadontho tiwirito nthawi yaitali.

"Kadontho aka ndi inu?"

"Eya."

"Ndiye mwadziika pakati." Anandibwezera kope. "Chemwali, aliyense akadziika pakati amapezeka kuti sanayende. Ngakhale wakuba njinga amati inamutsata yokha."

Ndisanapeze chonena belu linalira, koma ulendo uno silinapitirire. A Kaphaizi anatsika pansi pa mtengowo, chipewa chomwe chija, atakalamba pang'ono. Anati wilo yakumbuyo ikugwedera. Sanandizindikire. Ndinagwada n'kuika choko, ndipo mawu anatuluka okha.

"Aphunzitsi, tsiku lina munadutsa pakhomo pathu. Panali atsikana awiri akuzungulira. Munatembenuka. Munaona chiyani?"

Anakanda m'chipewa. "Atsikana? Pepani mwanawe, sindikukumbuka. Ine ndikatembenuka ndimakhala ndikuyang'ana wilo imeneyi. Inayamba kugwedera kalekale."

Ndinaiwongola. Anathokoza, anakwera, anapita. Ndinatsala ndi choko m'manja. Ndinali nditapereka khutu la mng'ono wanga kuti ndibisale kwa munthu amene ankayang'ana tayala.

Msewu unadzeranso kwathu. Zelesi anali atakwatiwa, pakhomo pali nyumba yatsopano, koma anali pakhonde lomwe lija, mimba ili patsogolo. Ndinakhala kumanzere. Ndinanena mawu anga awiri aja, n'kuwonjezera achitatu, pepa. Anandiyang'ana pang'ono, kenako anayang'ana kumsewu.

Malo otsiriza anali chigwa chachikulu chopanda mudzi. Munali mipope iwiri ikuluikulu yoyalidwa ngati mikono ya munthu, wina kuloza kum'mawa, wina kumpoto, uliwonse woyenda pafupifupi ola. Pokumanira pake panali nyumba yoyera. Anandilandira Mayi Sambani, amene ankayenda ndi masokosi okha, opanda nsapato.

"Mumatha kukhala chete?" ananong'ona.

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

"Ndiye ntchito mwaipeza."

Anandionetsa kuti kumapeto kwa mkono uliwonse kuli galasi lolendewera pa ulusi woonda, ndipo kuwala kumathamanga m'mipopemo kupita ndi kubwera. Funde la nyenyezi zakufa zija likadutsa, mkono wina umatalika, wina umafupika, ndi kamtunda kochepa moti fumbi ndi phiri poyerekeza. N'chifukwa chake chitseko chinkatsekedwa ndi manja awiri, ndipo wofuna kutsokomola ankatuluka. Apa ndiye ndinapeza ntchito yondiyenera. Ndinakhalapo miyezi ingapo, ndipo pa kukhala chete palibe anandiposa.

Tsiku lina funde linabwera. Makina analisandutsa kamawu, kotsika poyamba, n'kukwera msangamsanga ngati kambalame kofunsa funso, kenako zii. Mayi Sambani anatseka maso.

"Zaphatikana," anatero.

Titatuluka panja, poti kumeneko n'kumene tinkaloledwa kulankhula, ndinafunsa ngati magalasi abwerera pamalo pake.

"Athuwa ndi omangirira, amabwezedwa. Chikumbukiro chimene mukufunacho sitinachigwirebe, n'chaching'ono kwambiri. Tikuunjika mafunde ambiri kuti mwina tsiku lina chioneke. Koma masamu amati chilipo."

"Nanga kuzungulira kumene nyenyezizo zinali nako?"

"Kwina kwatsala mu imene yabadwayo, kwina kwapita ndi funde. Vuto ndi kuyeza." Anatola kamtengo n'kujambula bwalo pafumbi, timadontho kuzungulira. "Tiyerekeze kuti awa ndi alonda, aima kutali mozungulira, aliyense ndi wotchi yake. Funde lisanabwere agwirizana kuti pakati ndi apa. Funde likadutsa, aliyense wasunthidwa mwa mtundu wake, mawotchi sakugwirizananso ndendende. Uyu akuti pakati ndi apa, uyo akuti ndi apo. Aliyense apeza nambala yakeyake."

Ndinawadula mawu. "Ndiye kuti sizingayezedwe."

"Musathamange. Ena apeza njira. Sufunafuna pakati pakale, panapita. Umayamba walemba poyera kuti funde linadutsa ndipo linasuntha aliyense mwakutimwakuti. Ukawerengera zimenezo, alonda onse amafika pa nambala imodzi. Koma wodumpha tsamba limenelo amapeza nambala iliyonse imene mtima wake ukufuna."

Ndinawapatsa kope langa. Anatsegula masamba onse, zaka zonse za timadontho tiwiri.

"Masamu mumawatha," anatero. "Koma nyenyezi zathu zimagwirana mpaka mapeto. Zanuzi zinasiyana. Anasiya ndani? Sindikuona pamene mwalemba."

Ndinayang'ana masokosi awo.

"Mwanawe," anatero mofatsa, "ntchito ya chete mwaidziwa mopitirira muyeso. Sitingakusungeninso."

Msewu sunazungulire ulendo uno. Unangonditula pakhomo.

Zelesi anali pakhonde, m'manja mulibe chimanga, mulibe mtedza. Anangowaika pamiyendo, zikhatho zili m'mwamba. Bulauzi yake inali itanyowa mkaka pachifuwa. Kuseri kwa nyumba kunkamveka kulira kwa khanda ndi mawu a amayi akulitonthoza.

"Mwana ndi wako?" ndinafunsa mokweza.

"Wa masabata atatu. Amayi amandipatsa poyamwitsa pokha, nditakhala pansi, iwo atagwirira kumutu. Akuti ndingamugwetse." Anaseka pang'ono. "Bambo ake analankhulapo, anauzidwa kuti mkamwini sadziwa mbiri ya pakhomo."

Ndinakhala kumanzere kwake. Ndinayandikiza pakamwa. Ndisanatulutse mawu anaika dzanja pa khutulo.

"Achemwali, zungulirani."

"Ati?"

"Zungulirani. Mukudziwa kuti uku sindimva. Zaka zonsezi mumangondiuzira mpweya wofunda ngati mukukoleza moto. Mbali inayi ilipo."

Kuchoka kumanzere kwa munthu kufika kumanja kwake ndi mapazi atatu. Ndayenda midzi ndi matauni, koma ulendo wautali ngati umenewo sindinauyendepo. Ndinakhala pansi. Khutu lamoyolo linali pomwepo, laling'ono, lobooledwa, lili ndi kaulusi m'malo mwa ndolo.

"Ndinasiya ndine," ndinatero. "Ndinaona aphunzitsi, ndinachita manyazi, ndinatsegula manja. Iwe sunasiye."

Sanadzidzimuke.

"Ndikudziwa. Chinayamba ndi chala chaching'ono, kenako zinazo. Ndinazimva chimodzichimodzi. Linafa ndi khutu, achemwali, osati manja."

"Nanga bwanji sunanene?"

"Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, magazi ali m'khosi, inu muli mu yunifolomu. Akanamvera ndani? Kenako ndinati mudzanena nokha. Ndinadikira. Mumabwera, mumapuma m'khutu mwanga, mumapita." Anatembenuza zikhatho zake n'kuziyang'ana. "Masiku ena ndimagwira kapu n'kuyamba kuopa. Amayi ananena kambirimbiri moti manjawa anayamba kukhulupirira."

"Ndikhululukire, Zelesi."

"Zimenezo tidzakamba. Sindikudziwa kuti ndidzayankha chiyani." Analoza ndi chibwano kuseri kwa nyumba. "Ine ndimadziwa kale. Osadziwa ali uko. Ndipo makutu awo onse awiri ndi abwinobwino."

Ndinasiya kope pakhonde. Ndinazungulira nyumba, kudutsa nkhokwe, kudutsa mtondo womwe uja, umene tsopano unali wong'ambika m'mbali. Amayi anali ataima pamthunzi akugwedeza mwana kumsana, imvi zili mbuu. Atandiona nkhope inawala.

"Wabwera mwana wanga wophunzira! Bwera udzam'nyamule, iwe ndiye wa manja odalirika."

Anayamba kumasula nsalu. Ndinabweza manja anga kumbuyo.

"Amayi, tsiku lija Zelesi sanasiye. Ndinasiya ndine, dala, ndipo ndinakunamizani."

Mawu anga anamveka aakulu moti nkhuku zinathawa. Amayi anaima, mfundo ya nsalu ili m'manja. Sanakuwe. Sanafunse chifukwa. Anandiyang'ana ngati mmene a Nagama anayang'anira mtsuko uja, kufunafuna pamene panagunda bondo. Kenako anamaliza kumasula, anam'tsitsa mwana, n'kundidutsa osandikhudza. Ndinawatsatira patali.

Pakhonde anaima pamaso pa Zelesi nthawi yaitali. Kenako anati, "Imirira." Zelesi anaimirira. Anamuika mwana m'manja, n'kuchotsa awo onse awiri, n'kuwapinda pachifuwa ngati akuopa kuti angabwerere okha. Anazungulira kupita kumanja kwake n'kunena kanthu kamene ine sindinamve.

Zelesi anayenda ndi mwana wake kuchoka pakhonde mpaka pamtengo wa mango, n'kubwerera, n'kupitanso.

Khutu silinatseguke. Amayi mpaka lero akandiitana amatchula dzina langa lonse, ngati la mlendo, ndipo mawu akuti mwana wanga wophunzira sindinawamvenso. Pamene ndinkaima kale m'nyumba muno sindikupapeza. Koma tsiku limenelo, nditaima pabwalo, ndinaona mthunzi wanga utafika pa mtondo, kenako n'kuupitirira. Ndinayang'ana kumwamba. Dzuwa linali litasuntha, ndipo yunifolomu inkandithina m'khwapa.